Pamene Nkhondo Itembenuka, Kodi Ndani Amafunadi Mtendere?

PA March 23, 2009, mumzinda wa Goma, kummaŵa kwa Democratic Republic of Congo, boma la dzikolo linasainirana pangano la mtendere ndi gulu loukira lotchedwa CNDP. Malinga ndi panganolo, gululo linayenera kusanduka chipani cha ndale, ndipo ankhondo ake anayenera kuloŵa usilikali wa boma. Patangopita zaka zitatu, ena a ankhondo omwewo anagalukira, akumati boma silinachite zimene linalonjeza. Dzina sanakalifune kutali. Anatenga deti la pangano lija nadzitcha M23.

Chotero gulu lankhondo limene lathaŵitsa anthu zikwi mazana ambiri m'midzi yawo limatchedwa ndi tsiku la mtendere. Zimenezo pazokha zimachititsa munthu kuima kaye ndi kusinkhasinkha. Kodi nchifukwa ninji pangano lothetsa nkhondo ina limakhala mbewu ya nkhondo yotsatira? Ndipo pamene omenyana anena kuti akufuna mtendere, kodi amakhala akufuna mtenderewo, kapena amangofuna mpata wopumira?

Mzinda Umene Unagwa Kaŵiri

Goma ali m'mphepete mwa nyanja ya Kivu, patsinde pa phiri lophulika la Nyiragongo, pamalire penipeni ndi Rwanda. Pa November 20, 2012, M23 inaloŵa mumzindawo, ndipo asilikali a boma anathaŵa. Chipambanocho sichinakhalitse. Maiko ena anaumiriza gululo kutuluka pasanathe milungu iŵiri. Mu March 2013, Bungwe Lachitetezo la Mitundu Yogwirizana linakhazikitsa gulu lapadera la asilikali pafupifupi 3,000 ochokera ku South Africa, Tanzania, ndi Malaŵi, lokhala ndi chilolezo cha kuyamba ilo kuukira. Pofika November chaka chomwecho M23 inali itagonja, ndipo otsala ake anathaŵira ku Uganda ndi ku Rwanda. Ambiri anati nkhaniyo yatha.

Sinathe. Chakumapeto kwa 2021 mfuti zinayambanso kulira m'mapiri a Rutshuru. Mu June 2022, M23 inalanda tauni ya pamalire ya Bunagana, ndipo mu April 2024 inalanda Rubaya, kumene kuli migodi ya coltan, mtapo umene mumachokera chitsulo cha tantalum cha m'matelefoni ndi m'makompyuta. Akatswiri a Mitundu Yogwirizana anasimba mu 2024 kuti asilikali a Rwanda 3,000 kufikira 4,000 anali kumenya nkhondo pamodzi ndi gululo. Kwa zaka zambiri Rwanda anakana kuti amalichirikiza, akumati akungodzitetezera ku FDLR, gulu limene ena a oliyambitsa anali ndi phande m'kupululutsa Atutsi kwa mu 1994.

Maiko atatu aja anatumizanso asilikali mu December 2023, tsopano m'dzina la SADC. Ulendo uno zinthu zinayenda mwina. Kumapeto kwa January 2025, Goma anagwa kachiŵiri. Asilikali 14 a South Africa ndi 3 a Malaŵi anali pakati pa akufa pa kumenyanako, ndipo Mitundu Yogwirizana inaŵerengera kuti anthu pafupifupi 3,000 anaphedwa mumzindawo. Bukavu anatsatira mu February, ndipo mu March, SADC inaganiza zobweza asilikali ake. Kale anthu ankati, chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe. Pankhondo imeneyi mbali iliyonse yalaŵapo zonse ziŵiri.

Wopempha Mtendere Amakhala Yani?

Munthu akaika mbiri ya zokambirana pambali pa mbiri ya kumenyana, amaona chinthu chosautsa. Kuchiyambi kwa November 2013, pamene mapiri ake omalizira anali kulandidwa, M23 ndiyo inapempha kuti kumenyana kuleke. Boma, litapambana, linalibenso changu. Mwambo wa kusaina umene unakonzedwa mu Uganda pa November 11 unalephereka chifukwa cha liwu limodzi: nthumwi za boma zinakana kuti chikalatacho chitchedwe pangano, popeza pangano limapangidwa ndi olingana, osati ndi ogonja. Mu December, ku Nairobi, mbali iliyonse inasaina chilengezo chakechake.

Zaka zoposa 11 pambuyo pake malo anasinthana. Boma, limene linali litanenetsa kuti silidzakhala konse pansi ndi M23, linavomera kutumiza nthumwi ku Luanda pa March 18, 2025, Goma ndi Bukavu atagwa. Tsopano M23 ndiyo inakana kupita kutangotsala tsiku limodzi, ikumadandaula za zilango zimene European Union inaika pa atsogoleri ake. Mwezi wapitawo gulu lomwelo linali litalengeza kuti laleka kumenyana kaamba ka kuvutika kwa anthu ndi kuti linalibe cholinga cha kulanda Bukavu. Linamlanda pasanathe milungu iŵiri. Ndiyeno panadza pangano la ku Washington la pakati pa Congo ndi Rwanda mu June, chilengezo cha ku Doha cha pakati pa boma ndi M23 mu July, ndi kusaina kwa mapulezidenti Félix Tshisekedi ndi Paul Kagame ku Washington pa December 4. Usanathe mlungu, M23 inaloŵa mu Uvira, ndipo anthu zikwi makumi ambiri anathaŵira ku Burundi.

Cholinga pano sindicho kugamula kuti wolakwa ndani. Mbali iliyonse ili ndi madandaulo ake, ena oona ndithu. Mfundo njakuti chikhumbo cha mtendere chakhala chikusamuka pamodzi ndi mzere wa nkhondo. Chimakula kwa amene akugonja, nichepa kwa amene akupambana. Kodi chikhumbo chotero chiyeneradi kutchedwa kukonda mtendere?

Baibulo limasimba nkhani imene imavumbula mkhalidwe umenewu mosabisa. Mfumu Sauli atafa, Israyeli anagaŵanika. Yuda anatsata Davide, pamene mafuko enawo anatsata Isiboseti mwana wa Sauli, amene kazembe wake wankhondo anali Abineri. Tsiku lina magulu aŵiriwo anakumana pathamanda la ku Gibeoni, ena tsidya lino, ena tsidya linalo. Abineri ndiye anayamba. Iye anauza Yoabu, kazembe wa Davide, kuti anyamata apimane mphamvu pamaso pawo, monga ngati ndi maseŵera. Anatuluka 12 uku ndi 12 uko, ndipo onse 24 anagwa akufa. Pamenepo nkhondo yeniyeni inabuka, ndipo anthu a Abineri anagonja nathaŵa.—2 Samueli 2:12-17.

Pothaŵapo, Abineri anapha Asaheli, mbale wake wa Yoabu, mnyamata waliŵiro amene anakana kuleka kumlondola ngakhale atachenjezedwa kaŵiri. Dzuŵa likuloŵa, Abineri anaima pamwamba pa chitunda ndi anthu ake otsala nafuulira Yoabu. Anamfunsa ngati kuphanako kunalibe malire, namkumbutsa kuti mapeto ake adzakhala oŵaŵa ndi kuti othamangitsidwawo anali abale awo. Mawu ake anali oona, onse. Koma abalewo anali abale ndi mmaŵa momwe, pamene iye anaitanitsa maseŵera aja. Chimene chinasintha pakati pa mmaŵa ndi madzulo chinali chiŵerengero cha mitembo: 360 kumbali yake, 20 kumbali ya Davide.—2 Samueli 2:18-31.

Yoabu anaomba lipenga, ndipo kulondolako kunaleka. Amuna ambiri anafika kwawo amoyo chifukwa cha lipengalo, ndipo zimenezo siziyenera kuchepetsedwa. Komabe, mlandu suola. Pambuyo pake Abineri anadza ku Hebroni kudzapangana ndi Davide, anadya naye phwando, nachoka mwamtendere. Yoabu atamva, anatumiza amithenga kukambweza, anampatukitsira pachipata monga wofuna kunena naye zamseri, nambaya pamimba kulipsira mwazi wa Asaheli. (2 Samueli 3:20-27) Lipenga linaletsa miyendo yake usiku uja, koma mtima wake unapitirizabe kulondola.

M'masiku a Yeremiya munachitika zofananazo. Pamene Ababulo anazinga Yerusalemu, Mfumu Zedekiya ndi akalonga anachita pangano pamaso pa Mulungu la kumasula akapolo awo achihebri, monga momwe Chilamulo chinafunira. Ndiyeno gulu lankhondo la Farao linatuluka mu Igupto, ndipo Ababulo anachoka kukalimbana nalo. Ngozi itaoneka ngati yapita, eni akapolo aja anagwiranso amene anawamasula. Yehova anaona zimenezo kukhala kudetsa dzina lake, ndipo ananeneratu kuti Ababulo adzabweranso. (Yeremiya 34:8-22, 37:5-10) Anabweradi.

Kodi Mapangano Ngachabe?

Kungakhale kulakwa kunena motero. Nkhondo imene inabuka mu Congo mu 1998 inakoka magulu ankhondo a maiko ambiri: Rwanda ndi Uganda mbali ina, Angola, Zimbabwe, ndi Namibia mbali inayo. Bungwe la International Rescue Committee linayerekezera kuti kuyambira 1998 kufikira 2007 anthu mamiliyoni 5.4 anafa, ochuluka ndi matenda ndi njala. Akatswiri ena amati chiŵerengerocho nchokwera kwambiri, koma palibe amene amati akufawo anali oŵerengeka. Pangano la ku Lusaka la July 1999 linaswedwa kambirimbiri. Chikhalirechobe, ilo limodzi ndi zokambirana za ku Sun City ndi ku Pretoria za mu 2002 zinachititsa magulu ankhondo akunja kubwerera kwawo, ndipo mbali zazikulu za dzikolo zinapuma.

Kwa mkazi amene afunikira kukakolola nyemba zake, mwezi umodzi wopanda mfuti si chinthu chaching'ono. Mtumwi Paulo analangiza Akristu kupempherera mafumu ndi onse audindo, kotero kuti atumiki a Mulungu akhale ndi moyo wabata. (1 Timoteo 2:1, 2) Ayuda otengedwa ukapolo anauzidwa kufunira zabwino mzinda wa owagwirawo. (Yeremiya 29:7) Chotero Mkristu sanyoza amene amayesayesa kuyanjanitsa omenyana, ndipo sakhumba kuti zoyesayesazo zilephere kuti iye aoneke wolondola. Ngati mfuti zikhala chete, iye amayamikira.

Koma pali mfundo imene oyanjanitsa aluso koposa alephera kuimasula. Kuti wonyamula mfuti aitule, kaŵirikaŵiri amafuna kutsimikiziridwa kuti sadzazengedwa mlandu, ndiponso kuti adzapatsidwa malo. Talingalirani za Bosco Ntaganda. Khoti la International Criminal Court linali litalamula kale kuti agwidwe, koma mu 2009, kaamba ka mtendere, iye analoŵetsedwa m'gulu la asilikali a boma monga kazembe. Mu 2012 anali pakati pa otsogolera kugalukira kumene kunabala M23. Mu March 2013, atagonja pa kulimbana kwa m'kati mwa gululo, anadzipereka ku ofesi ya kazembe wa United States mu Kigali, ndipo mu 2019 anaweruzidwa kukhala m'ndende zaka 30.

Kodi oyanjanitsa a mu 2009 akanachitanji? Akanaumirira chilungamo, mwamunayo sakanatula mfuti, ndipo anthu ena akanafa. Atasankha bata, mkazi wamasiye anayenera kuona wolamula kuphedwa kwa mwamuna wake akuyenda m'tauni atavala yunifomu ya boma, ndipo mnyamata aliyense wa m'mudzimo anaphunzira kuti njira yofikira paulemu ndiyo mfuti. Njira zonse ziŵirizo zinali ndi mwazi. Munthu angaŵerenge za zimenezi ali kutali nkuweruza mofulumira, koma amene anakhala pagome limenelo analibe njira yachitatu.

Mneneri Yesaya anasonyeza kuti mtendere ndiwo chipatso cha chilungamo. (Yesaya 32:17) Maboma a anthu amakakamizika kugula chimodzi mwa kugulitsa chinacho, osati nthaŵi zonse chifukwa cha kuipa mtima, koma chifukwa chakuti mphamvu yawo ili ndi polekezera. Sangaukitse wophedwa. Sangadziŵe ngati wosainayo walapadi. Sangachotse mantha a banja limene limakumbukira 1994, kapena a banja lina limene limakumbukira zimene zinachitika m'nkhalango za Zaire mu 1996 ndi 1997. Wophunzira Yakobo anati nkhondo zimayambira m'zilakolako zolimbana m'kati mwa munthu, m'kukhumba chimene alibe. (Yakobo 4:1, 2) Pangano lingagaŵe mipando ndi kulamula kuti asilikali abwerere makilomita akutiakuti. Koma mgodi umakhalabe pomwepo, ndipo mtima woukhumba umakhalanso pomwepo.

Nchifukwa chake Malemba saika chiyembekezo cha mtendere wokhalitsa pa kupambana kwa mbali iliyonse. Danieli ananeneratu za Ufumu umene Mulungu mwiniyo adzaimika, umene udzachotsa maulamuliro onse aumunthu ndi kukhala kosatha. (Danieli 2:44) Wolamulira wake, Kristu Yesu, saweruza motsatira maonekedwe kapena mphekesera, ndipo ali ndi mphamvu ya kubwezera moyo kwa akufa. (Yesaya 11:3, 4, Yohane 5:28, 29) Kwa iye yekha chilungamo ndi mtendere sizifunikira kusinthanitsidwa. Mika anasonyeza kuti mu ulamuliro umenewo zida zankhondo zidzasulidwanso kukhala zida zaulimi, anthu adzaleka ngakhale kuphunzitsidwa nkhondo, ndipo aliyense adzakhala pamunda wake popanda womuopsa.—Mika 4:3, 4.

Nkhondo ya Mumtima wa Womvetsera

Pakali pano, nkhondo simakhudza okhala pafupi ndi mfuti okha. Mumsasa wa Dzaleka, m'boma la Dowa ku Malaŵi, munali othaŵa kwawo oposa 50,000 pofika 2024, ochuluka a iwo ochokera ku Congo, ndipo ena ku Burundi ndi ku Rwanda. Ena ali ku Meheba m'Zambia, ena m'matauni a South Africa. Mbiri ya kugwa kwa tauni imawafika pa telefoni tsiku lomwelo. Mumpingo umodzi mungakhale mbale amene mudzi wake unawotchedwa ndi mbali ina ndi mlongo amene abale ake anaphedwa ndi mbali inayo, ndiponso banja limene linaika maliro a mwana wawo msilikali amene anatumizidwa kukasungitsa mtendere.

Apa mpamene uchete wachikristu umayesedwa. Kukana kunyamula mfuti ndiko mbali yake yoonekera. Yesu anati otsatira ake sali a dziko, ndipo anauza Pilato kuti atumiki ake sanamenye nkhondo chifukwa chakuti Ufumu wake suchokera kudziko lino. (Yohane 17:16, 18:36) Koma munthu angakhale wopanda mfuti m'manja pamene mtima wake uli kumzere wa nkhondo. Kodi amasangalala mwakachetechete akamva kuti tauni yakutiyakuti yalandidwanso? Kodi amaŵerengera akufa a mbali imodzi yokha? Kodi moni wake kwa mbale wolankhula Kinyarwanda, kapena Lingala, umazizira mlungu umene nkhani zaipa? Miyambo imachenjeza za kukondwera ndi kugwa kwa mdani. (Miyambo 24:17, 18) Ndipo kaŵirikaŵiri wogwayo sakhala mdani nkomwe, koma wogulitsa makala amene anapezeka pamsewu wolakwika.

Zimenezi nzovuta, ndipo sikoyenera kuzinena ngati zosavuta. Munthu amene anaona zoipa ndi maso ake safunikira kunamizira kuti sizinachitike, kapena kuti mbali zonse zinachita zofanana pamudzi pake. Uchete sutanthauza kutcha choipa chabwino. Umatanthauza kusiya kulipsira m'manja mwa Mulungu, ndi kukana kusenzetsa fuko lonse mlandu wa amuna ena. (Aroma 12:17-19) Yoabu anali ndi chifukwa chenicheni cholirira Asaheli. Chimene Davide anamtsutsa nacho nchakuti anakhetsa mwazi wa nkhondo panthaŵi ya mtendere.—1 Mafumu 2:5.

Palinso ngozi ya kulola chiyembekezo kukwera ndi kutsika pamodzi ndi nkhani za tsikulo. Mu 66 C.E., kazembe wachiroma Cestius Gallus anazinga Yerusalemu, kenako anabwerera mosayembekezereka. Ayuda oukirawo anamlondola napha asilikali ake zikwi zingapo pampata wa Betihoroni. Kwa ambiri chimenecho chinali chizindikiro chakuti ufulu wafika, ndipo anayamba kusula ndalama zawozawo. Yesu anali atauza ophunzira ake kuti akadzaona mzindawo utazingidwa athaŵire kumapiri. (Luka 21:20, 21) Wolemba mbiri Eusebius amasimba kuti Akristu anasamukira ku Pella, kutsidya la Yordano. Ngati anachoka pamene anansi awo anali kukondwerera chipambano, ayenera kuti anaoneka ngati amantha kapena osakonda mtundu wawo. Mu 70 C.E., Aroma anabweranso motsogozedwa ndi Titus, ndipo mzindawo unawonongedwa.

Mkristu wa kudera la nkhondo lerolino alibe lamulo lotero la kuthaŵa. Kaya akhale, athaŵe, kapena abwerere kumudzi, ndi nkhani imene mutu wa banja uliwonse umapenda mwanzeru ndi mwapemphero, ndipo ena sayenera kumuweruza. Chimene amaphunzira kwa Akristu oyambirirawo nchakuti kubwerera kwa gulu lankhondo sikuli umboni wakuti mtendere wafika, monganso kuyandikira kwake sikuli umboni wakuti Mulungu wataya anthu ake.

Ndipo mafunso ovuta koposa amadza mfuti zitakhala chete. Mu February 2025, misasa yozinga Goma inapasulidwa, ndipo anthu zikwi mazana ambiri anauyamba ulendo wobwerera ku Masisi ndi ku Rutshuru. Ambiri anapeza nyumba zawo zitagwetsedwa, ndipo ena anapeza minda yawo ikulimidwa ndi anthu ena. Mkristu amene wafika pamunda wotero ali ndi ana anjala kumbuyo kwake. Wobzalamo nyembazo angakhale wa fuko limene anansi amaliimba mlandu wa zonse, ndipo mwina nayenso anathamangitsidwa kwawo. Mundawo ngwa wobwererayo, ndipo iye ali ndi ufulu wa kukaunena kwa mfumu ya mudzi. Achibale ake angamuuze kuti pali njira yachidule, popeza amene ali ndi mfuti mwezi uno amamvetsera munthu akawanong'oneza dzina. Paulo analemba kuti Mkristu achite zonse zimene zili m'mphamvu yake kuti akhale pamtendere ndi anthu onse. (Aroma 12:18) Pamunda umenewo, zimenezo zingatanthauze kuyembekezera kufikira nyembazo zitacha, kupangana za kugaŵana zokolola, ndi kubzala nyengo yotsatira asakudziŵa kuti pokolola msewu wa ku Goma udzakhala m'manja mwa yani.